Khadi Lachisanu: Tsoka ndi Ulemu pa Tebulo la Poker

Mu July 2010, mu hotela ya Rio ku Las Vegas, mpikisano waukulu wa World Series of Poker unali utafika poti aliyense mtima unali m'mwamba. Analowa anthu 7,319, aliyense atalipira madola 10,000, ndipo panali patatsala 15 okha. Matt Affleck, mnyamata wa zaka 23 wochokera ku boma la Washington, anali ndi mulu waukulu wa machipi, tinthu tozungulira ngati makobidi timene osewera amabetchera m'malo mwa ndalama zenizeni. Atasuzumira makadi ake awiri, anapeza kuti onse ndi ma A. Mu Texas Hold'em, mtundu wa poker umene amasewera pa mpikisanowu, palibe makadi awiri oyambira oposa amenewo, ndipo munthu amawalandira kamodzi pa maulendo 221.

Kaseweredwe kake nkosavuta kukamva. Aliyense amalandira makadi awiri obisa. Kenako wogawa amayala makadi asanu pakati pa tebulo oti aliyense aphatikize ndi ake: atatu nthawi imodzi, otchedwa flop, lachinayi lotchedwa turn, ndi lachisanu lotchedwa river. Makadi akamatuluka osewera amabetcha, kukwezerana, kapena kutaya makadi awo n'kusiya. Otsalawo amaonetsana, ndipo amene angapange makadi asanu amphamvu kuposa anzake ndiye amakokolola zonse. Awiri ofanana amagonja kwa atatu ofanana, atatuwo amagonja kwa asanu otsatizana manambala, amene amati straight. Pamwamba pa straight pali flush, asanu a chizindikiro chimodzi, kenako full house, atatu ofanana pamodzi ndi awiri ofanana, kenako anayi ofanana.

Amene analimbana ndi Affleck tsiku limenelo anali Jonathan Duhamel wa ku Quebec, m'dziko la Canada, amene anali ndi ma J awiri. Anakwezerana kwambiri makadi a pakati asanayalidwe. Flop inatuluka 10, 9 ndi 7. Affleck anabetcha, Duhamel anavomera. Turn inali Q, ndipo Affleck anakankhira machipi ake onse pakati, zimene amati all-in. Duhamel anakhala mphindi zingapo akuganiza, kenako anavomera. Makadi atatembenuzidwa, aliyense anaona kuti walakwitsa. Pa makadi 44 amene awiriwa sanawaone, 10 okha ndiwo akanamupulumutsa: ma 8 anayi, ma K anayi ndi ma J awiri otsala. Kanayi pa kasanu kalikonse, mulu wa machipi oposa 40 miliyoni ukanapita kwa Affleck, ndipo akanakhala patsogolo pa onse.

Wogawa anatembenuza 8.

Affleck anawerama n'kubisa nkhope, ndipo ataimirira misozi inali ikutsika. Anatuluka m'chipindacho, naponya botolo la madzi ali panja, makamera a ESPN akumutsatira. Kenako anabwerera, nagwirana chanza ndi anthu amene anali nawo pa tebulo, kuphatikizapo Duhamel. Anapita kwawo ndi madola 500,165 a nambala 15. Duhamel anapitirira mpaka kupambana mpikisano wonse mu November, woyamba wa ku Canada kutero, natenga madola 8,944,310.

Masamu osamva chisoni

Zimene zinamuonekera Affleck osewera amazitcha bad beat. Ndi pamene munthu waika machipi ake ali patsogolo kwambiri, mnzake walakwitsa povomera, koma khadi lotuluka pambuyo n'kupulumutsa wolakwitsayo. Tsoka lotere limasankha anthu ake. Amene amakonda kuika ndalama ali kumbuyo salidziwa kwenikweni, chifukwa iyeyo akadyedwa ndiye kuti zayenda monga zinayenera. Limagwera kawirikawiri amene amasewera bwino, poti ndiwo amapezeka ali patsogolo nthawi zambiri machipi akamalowa pakati.

Anthu ambiri akamva kuti ma A awiri amapambana awiri ena ofanana pa maulendo pafupifupi 80 mwa 100, mtima umawauza kuti nkhani yatha. Koma 80 mwa 100 ndiye kuti kamodzi pa kasanu udzalira. Ndipo mpikisano suli ulendo umodzi. Munthu amene waika moyo wake wonse wa mu mpikisano pa mwayi wa 80 peresenti kasanu motsatizana, mwayi woti apulumuke kasanu konseko ndi pafupifupi 33 peresenti basi. Akatero kakhumi, utsika kufika pa 11 peresenti. Tsono taganizani za mpikisano wa masiku oposa sabata, wa anthu zikwizikwi, umene ndalama zokakamiza kubetcha zimakwera maola awiri alionse. Ngakhale katswiri atasewera mopanda chilema, njira yotulukira yomwe masamu amulozera ndi imeneyi: tsiku lina adzakhala patsogolo, ndipo khadi lolakwika lidzabwera.

Apa ndi pamene mpikisano umasiyana ndi masewera a ndalama zapompopompo. M'masewera amenewo, ukadyedwa umapisa m'thumba, n'kugula machipi ena, n'kukhalanso pampando womwewo moyang'anizana ndi munthu yemwe uja. Ngati amaseweradi molakwitsa, ndalama zako zikhoza kubwerera usiku womwewo kapena mwezi wamawa. Mu mpikisano waukulu wa Las Vegas mulibe zimenezo. Machipi akatha umanyamuka, ndipo mwayi wina ndi chaka chamawa, utalipiranso madola 10,000 n'kudutsanso anthu zikwi zija. Mwa olowa onse, amene amalandirako kanthu ndi 10 mpaka 15 pa 100 alionse, enawo amabwerera chimanjamanja. Ndalama zenizeni zili pa mipando yochepa ya kumapeto, ndipo munthu akhoza kusewera moyo wake wonse osafikanso pamene anafika Affleck. Misozi yake inali ya munthu wodziwa masamu amenewa.

Si kuluza kowawa kulikonse kumene kuli bad beat. Mu 2017, tsiku loyamba la mpikisano womwewu, Vanessa Selbst, mayi wa zibangili zitatu za World Series, mphoto imene amalandira opambana mipikisano yake, anali ndi ma A awiri, ndipo flop inamupatsa wachitatu. Gaelle Baumann wa ku France anali ndi ma 7 awiri, flop inamupatsa wachitatu, turn n'kumupatsa wachinayi. Pamene machipi onse ankalowa pakati, Selbst anali kale kumbuyo ndi full house yake. Palibe analakwitsa, makadi anangokumana amphamvu okhaokha, zimene osewera amati cooler. Selbst anaganiza kwa nthawi, nanena poyera makadi amene ankawaopa, navomera, ndipo atawaona ananyamuka osanyoza munthu. Tsoka lenileni lopanda mankhwala ndi limene linagwera Connor Drinan mu 2014, pa mpikisano wa Big One for One Drop umene kulowa kwake kunali madola 1 miliyoni. Iye anali ndi ma A awiri, Cary Katz analinso ndi ma A awiri. Pa maulendo 96 mwa 100 anthu otere amangogawana machipi. Koma pa tebulo panagwa makadi anayi a chizindikiro cha mtima, A wa mtima anali kwa Katz, ndipo miliyoni ya Drinan inathera pomwepo.

Tsoka limene limadyetsa akatswiri

Pa bawo, mkulu wodziwa kuwerenga nkhomo amagonjetsa wophunzira lero, mawa ndi mkuja, ndipo wophunzirayo sangayerekeze kubetcha naye ndalama. Poker ikanakhala choncho ikanafa kalekale. Imakhalapo chifukwa wosadziwa amatha kudya katswiri usiku wina, n'kupita kwawo akukhulupirira kuti nayenso ndi dolo, n'kubweranso ndi ndalama zina. Ndalama zimene akatswiri amadyera zimachokera kwa anthu amenewa, ndipo chimene chimawabweretsa ndi khadi lachisanu lomwe lija limene akatswiriwo amalitukwana.

Mbiri ya mpikisanowu ikuchitira umboni. World Series inayamba mu 1970 ku Binion's Horseshoe, ndipo zaka zoyambirira inali ya kagulu ka akatswiri odziwana, ambiri a ku Texas. Mu 1979 analowa anthu 54, ndipo kumapeto kunatsala katswiri Bobby Hoff ndi munthu wamba dzina lake Hal Fowler. Pa dzanja lomaliza Hoff anali ndi ma A awiri, Fowler anali ndi 7 ndi 6. Flop inatuluka J, 5 ndi 3, Hoff anabetcha, ndipo Fowler anavomera akudikira khadi la mtundu umodzi wokha, 4. Linabwera pa turn. Fowler anakhala munthu wamba woyamba kupambana mpikisanowu, ndipo uthenga unafalikira wakuti khomo lili lotsegukira aliyense. Hoff sanaupambane mpikisano umenewu mpaka imfa yake.

Zinabwerezeka mokulirapo mu 2003. Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, anapeza mpando wake popambana timipikisano ta pa intaneti ta PokerStars timene analowa ndi madola osakwana 100. Patatsala anthu 10, anakumana ndi Phil Ivey, amene ambiri ankamuona kale ngati wosewera woopsa kuposa onse a msinkhu wake. Moneymaker anali ndi A ndi Q, Ivey anali ndi ma 9 awiri. Flop inatuluka Q, Q, 6. Turn inali 9, ndipo Ivey anapanga full house. Machipi onse analowa pakati Moneymaker atatsala ndi makadi 7 okha omupulumutsa. River inali A, imene inamupatsa full house yokulirapo. Ivey anatuluka pa nambala 10, mpando umodzi asanafike pa tebulo lomaliza, ndipo Moneymaker anapambana madola 2.5 miliyoni. Chaka chimenecho analowa anthu 839. Mu 2004 analowa 2,576, mu 2005 analowa 5,619, ndipo mu 2006 anafika 8,773. Anthu anaona munthu wonga iwo akudya akatswiri pa wailesi yakanema, nathamangira ku Las Vegas ndi pa intaneti. Mwa amene anadyerera chigumula cha ndalama chimenechi, Ivey anali m'gulu loyamba. A amene anamutulutsa uja anamulemeretsa kuposa mmene mphoto ya chaka chimenecho ikanachitira.

Ndiye katswiri amene amazazira munthu wamba chifukwa chovomera ndi makadi ofooka amakhala akulakwa pawiri. Akunyoza munthu amene sanaphwanye lamulo lililonse, amene analipira ndalama zofanana ndi zake ndipo ali ndi ufulu wosewera makadi ake mmene afunira. Komanso akuthamangitsa kasitomala wake, kapena kumuphunzitsa kuti asadzalakwitsenso.

Pakamwa pa wodyedwa

Dzina limene limabwera msanga pa nkhani imeneyi ndi la Phil Hellmuth. Luso lake palibe angalikane. Anapambana mpikisano waukulu mu 1989 ali ndi zaka 24, atagonjetsa Johnny Chan amene anali atapambana zaka ziwiri zotsatizana, ndipo pofika 2023 anali ndi zibangili 17, kuposa wina aliyense. Koma amadziwikanso ndi kulusa akadyedwa, mpaka dzina lakuti Poker Brat analivomera n'kulisandutsa malonda. Iye ndi amene ananenapo pamaso pa makamera kuti pakanapanda mwayi bwenzi akupambana nthawi zonse.

Mu 2008, tsiku lachisanu la mpikisano waukulu, Cristian Dragomir wa ku Romania anakweza ndi 10 ndi 4, Hellmuth anakwezanso ndi A ndi K, Dragomir anavomera. Flop inabweretsa 10, Dragomir anabetcha, Hellmuth anataya makadi, ndipo Dragomir anaonetsa zimene anali nazo. Hellmuth anaimirira n'kuyamba kumutcha chitsiru mobwerezabwereza, anthu akuonerera. Mike Matusow, amene nayenso sadziwika ndi kufatsa, anali pa tebulo lomwelo ndipo anamuuza kuti wapyola malire. Oyang'anira anamupatsa chilango chokhala panja kwa kuzungulira kumodzi kwa tebulo, choti chiyambe m'mawa mwake. Kutacha, akuluakulu a mpikisano anachichotsa n'kungomuchenjeza.

Pali zinthu ziwiri zondinyansa pa nkhaniyi, ndipo chachikulu si mkwiyo wa Hellmuth. Choyamba, limeneli silinali tsoka lalikulu n'komwe. A ndi K amapambana 10 ndi 4 pa maulendo ongopitirira pang'ono 6 mwa 10, ndipo Hellmuth sanatuluke mu mpikisano ndi dzanja limenelo. Chimene chinamupweteka ndi chakuti munthu wosatchuka sanamuope. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndi kuchotsedwa kwa chilango. Wosewera wamba akanatukwana mnzake chotero akanakhala panja popanda womumvera chisoni. Hellmuth anakhululukidwa, ndipo aliyense amene anaonera anaphunzira kuti lamulo limapindika likakumana ndi dzina lalikulu. Makampani a kanema nawonso ali ndi mlandu wawo, chifukwa kwa zaka zambiri ankaonetsa chipongwe chotere mobwereza podziwa kuti chimakoka oonera, ndipo anyamata ongoyamba kumene anatengera poganiza kuti ukatswiri umayenda ndi mwano.

Chaka chomwecho Scotty Nguyen, amene anapambana mpikisano waukulu mu 1998, anapambana mpikisano wa H.O.R.S.E. wolowera madola 50,000 akumwa mowa pa tebulo lomaliza, akutukwana anzake ndi operekera zakumwa. Sanalangidwe, ngakhale pambuyo pake anapepesa poyera. Madandaulo a anthu pa nkhani ziwirizi anathandiza kuti chaka chotsatira World Series ikhwimitse malamulo a khalidwe ndi kuyamba kusunga mbiri ya zilango za wosewera aliyense.

Sindikunena kuti wodyedwa azimwetulira ngati palibe chachitika. Munthu amene wataya mwayi wa moyo wake ali ndi ufulu wolira, wogwira kumutu, wotuluka panja kukapuma. Botolo limene Affleck anaponya silinagunde munthu. Malire ali pamene ululu wako ukusanduka chida chonyazitsira mnzako, kapena wogawa makadi, amene amangotembenuza khadi lili pamwamba ndipo sangayankhe chifukwa ali pa ntchito. Ogawa makadi ndiwo amalandira mwano wambiri m'zipinda za poker, mpaka ena kuponyeredwa makadi, ndipo wosewera amene amachita zimenezi amasankha dala munthu amene sangabwezere.

Mtolo wa wopambana

Anthu akamakamba za ulemu pa masewera amayang'ana kwambiri woluza, koma pa poker mtolo wolemera uli pa wopambana. Woluza wagwidwa ndi ululu mwadzidzidzi. Wopambana alibe chomupweteka, choncho chilichonse chimene angachite wachisankha. Komanso pa tebulo la poker mulibe bwalo lalikulu lothawirako. Amene wamutulutsayo ali pafupi moti ukhoza kumugwira phewa, akutolera foni ndi jekete lake pamene iwe ukuunjika machipi amene anali ake mphindi yapitayo.

Mu 2007 Hevad Khan, amene anathera pa nambala 6, ankati akapambana dzanja amadumpha, kukuwa, kuvina ndi kunyamula mipando, mnzake wotulutsidwayo ali chiimire pomwepo. Chaka chotsatira World Series inaika lamulo loletsa chikondwerero chopyola muyeso, ndipo osewera mpaka lero amalitchula ndi dzina lake. Khan mwini anasintha, ndipo ngakhale chibangili sanachipambane, anapambana mipikisano ina akusewera mwakachetechete.

Choipa kuposa kukuwa ndi chimene amati slow roll. Munthu ali ndi makadi amene akudziwa kuti sangagonje, mnzake waika machipi onse, koma iye m'malo movomera msanga akuyerekeza kuvutika maganizo, akupukusa mutu, akuusa moyo, kuti mnzakeyo ayambe kukhulupirira kuti wapambana, kenako n'kumugwetsa. Pa poker kunamiza ndi gawo la masewera, ndipo palibe amadandaula akapusitsidwa kuti ataye makadi abwino kapena avomere ndi ofooka, chifukwa bodza limenelo lili ndi phindu la machipi. Slow roll ilibe phindu lililonse. Kubetcha kwatha, palibe chipi limodzi lowonjezera limene ungapeze. Chotsala ndi kufuna kuona mnzako akuvutika.

Pa tebulo lomaliza la Irish Open mu 2015, Donnacha O'Dea, mkulu wolemekezeka wa poker ku Ireland amene anasambirapo pa masewera a Olympics, anali ndi A ndi 6. Flop inatuluka A, 8, 6, onse a dayamondi, ndipo anabetcha zokwanira machipi onse a Andreas Gann wa ku Germany. Gann anali ndi K ndi Q a dayamondi, flush yapamwamba kuposa ina iliyonse pa flop imeneyo. Panalibe choganizira. Koma anakhala nthawi yaitali ngati wathedwa nzeru, kenako anavomera n'kutembenuza makadi ake. Anzake a pa tebulo anamudzudzula pomwepo, ndipo owulutsa masewerawo anapsa mtima poyera. Turn sinasinthe kanthu. River inali 6, O'Dea anapanga full house, ndipo chipinda chonse chinaphulika ndi chimwemwe Gann akutuluka.

Kanema wa dzanja limeneli anthu amamukonda chifukwa amaoneka ngati chilungamo chachitika. Koma tiyenera kusamala. Makadi sadziwa wolakwa. O'Dea anali ndi makadi anayi okha omupulumutsa, ndipo pa maulendo oposa 8 mwa 10 Gann akanapambana ndi slow roll yake yomweyo. Mwa masamu, amene anagweredwa bad beat tsiku limenelo ndi Gann. Komanso iye sanali katswiri wozolowera matebulo a pa kanema, ndipo n'kutheka kuti sankadziwa kukula kwa chimene ankachita. Gulu la anthu likamasangalala ndi kugwa kwa munthu mmodzi, nalonso limakhala litayandikira khalidwe lomwe likudzudzulalo.

Nanga amene wapulumuka mwamphumi anene chiyani? Ambiri amati pepani, ndipo osewera ena amadana nazo, poti aliyense akudziwa kuti wopepesayo sangabweze machipi ndipo khadi lija analilakalaka ndi mtima wonse. Ena amayamba kufotokoza chifukwa chimene anavomerera, ngati kuti wodyedwayo akufuna phunziro nthawi imeneyo. Chimene osewera akale amachita ndi chachifupi. Amagogoda tebulo pang'ono ndi dzanja, kapena kunena kuti zinali zatsoka, n'kudikira kuti woluzayo ndiye atambasule dzanja ngati akufuna. Sauunjika machipi mwaphokoso mnzawo asanachoke. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo pa poker mawa limenelo likhoza kukhala dzanja lotsatira.

Malamulo olembedwa alipo. Bungwe la Tournament Directors Association, limene anayambitsa mu 2001 Matt Savage, Linda Johnson, Jan Fisher ndi David Lamb, linagwirizanitsa malamulo amene mipikisano yambiri padziko imatsata. Woyang'anira akhoza kuchenjeza, kukhazika munthu panja kwa dzanja limodzi kapena kwa kuzungulira kangapo, ngakhale kumuchotseratu. Chilango chokhala panja chimaluma ndithu, chifukwa machipi ako amatsala pa tebulo ndipo ndalama zokakamiza zimadulidwabe iwe kulibe. Koma lamulo limagwira zooneka ndi zomveka, monga kutukwana, kuponya makadi ndi kuulula makadi dzanja lili mkati. Silingayeze ngati munthu anaganizadi kapena ankazunza mnzake, ndipo silingakakamize munthu kugwira chanza. Mbali yaikulu ya ulemu wa pa tebulo imasungidwa ndi osewera okha, podziwa kuti adzakumananso ndi anthu omwewo chaka ndi chaka, ndiponso kuti m'dziko lawo anthu amabwerekana ndalama ndi kugulirana magawo a mipikisano pongokhulupirirana mawu.

Zimene mtima umasankha kukumbuka

M'makonde a hotela nthawi yopuma, nkhani imene imamveka paliponse ndi ya bad beat. Aliyense ali ndi yake, ndipo palibe amene akufuna kumva ya mnzake. Nkhani zimenezi zili ndi ngozi yake kwa wozinenayo. Mtima umasunga tsiku limene ma A ako anagwa, koma umataya msanga tsiku limene iwe unapulumuka ndi makadi ofooka. Limenelo umalitcha kulimba mtima kapena kuwerenga bwino mnzako. Pakapita chaka munthu amakhala ndi mndandanda wautali wa masoka ndi waufupi wa mphumi, n'kutsimikiza kuti ndi katswiri wa minyama. Ambiri amene juga yawadyera chuma anayenda njira imeneyi. Sanavomere kuti akuluza chifukwa ena akuwaposa, anangoona kuti mwayi uli nawo ngongole, napitiriza kuika ndalama kuti akaitolere. Mkwiyo wa pambuyo pa tsoka, umene osewera amati tilt, ndiwo umawononga machipi ambiri kuposa tsokalo, chifukwa munthu amayamba kubetcha kuti abwezere m'malo moti apambane.

Mankhwala ake ndi kuyang'ana moona mtima njira imene opambana anadutsa. Doyle Brunson, amene ambiri amamutenga ngati tate wa poker ya masiku ano, anapambana mu 1976 ndi 10 ndi 2. Jesse Alto anali ndi A ndi J, flop inatuluka A, J, 10, ndipo machipi analowa Brunson ali kumbuyo kwambiri. Turn inali 2, river inali 10. Chaka chotsatira anapambananso ndi 10 ndi 2, ndipo makadi amenewa mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake mwaulemu, pamene Alto amakumbukidwa ndi ochepa. Joe Cada, amene anapambana mu 2009 ali ndi zaka 21, pa tebulo lomaliza anapulumuka ndi ma 3 awiri polimbana ndi ma J awiri a Jeff Shulman, kenako ndi ma 2 awiri polimbana ndi ma Q awiri a Antoine Saout. Maulendo onse awiri anali ndi mwayi wa pafupifupi kamodzi pa kasanu. Palibe amene anadutsa anthu zikwi popanda kugwetsera wina tsoka lomwe iye amadana nalo.

Pa tebulo lomwelo la 2009 panali Phil Ivey, patapita zaka 6 chichokereni usiku wa Moneymaker. Anaika machipi ake onse ndi A ndi K, ndipo Darvin Moon, wodula mitengo wa ku Maryland amene sankadzitcha katswiri, anavomera ndi A ndi Q. Ivey anali patsogolo pafupifupi katatu pa kanayi. Q anagwa pa flop. Ivey anapitiriza kudya apozi amene anali naye m'manja, makadi awiri otsala anatuluka osamuthandiza, ndipo ananyamuka pa nambala 7 osanena mawu oipa kwa Moon. Mpikisano waukulu sanaupambanebe, ngakhale zibangili zake zinafika 11 mu 2024.

Barry Greenstein, katswiri wina wa m'badwo umenewo amene kwa zaka zambiri ankapereka mphoto zake za mipikisano ku mabungwe othandiza ana, anapeza njira yakeyake. Amapita ku mpikisano atanyamula buku limene analemba, Ace on the River, lotuluka mu 2005. Amene wamutulutsa, kaya wamuposa nzeru kaya wangopulumuka ndi khadi lachisanu, amalandira bukulo litasainidwa Greenstein asanachoke pa tebulo. Izi zikutanthauza kuti m'mawa uliwonse wa mpikisano, poika bukulo m'chikwama, amakhala atavomereza kale kuti mwina lero atuluka ndiponso kuti womutulutsayo akhoza kukhala munthu amene wasewera molakwitsa. Mabuku amenewa ali m'nyumba za anthu wamba ambiri ku America ndi ku Ulaya.